Pilitsi la BP la mitundu iwiri lija: kamwedwe kake, kasungidwe kake, ndi chifukwa chake salidula

Tsiku lomwe amayi anga anawasinthira mankhwala a BP anabwera ndi kabokosi kamodzi mmalo mwa tiwiri tomwe tinazolowera. Atatsegula anandiitana, akuti tabwera udzaone, pilitsi lake likuoneka ngati awiri omatana, uku loyera uku la mtundu wina, pakati pali kamzere. Funso lawo loyamba linali lakuti, kodi ndizithyola, loyerali ndizimwa mmawa linalo madzulo? Sindikuwanena ayi, aliyense ataona pilitsi lotere koyamba atha kuganiza chomwecho chifukwa kamzere kaja kamachita ngati kakukuuza kuti thyola apa. Koma si mzere wothyolera umenewo. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa a ku famasi, kuwerenga timapepala ta mkati mwa bokosi tija ambirife timangotaya, nde ndati ndilembe zomwe munthu amene wapatsidwa mapilitsi amenewa, kapena amene akusamala kholo lake, akuyenera kudziwa.

Kaye, nchifukwa chani mankhwala awiri akuwaika mu pilitsi limodzi? Anthu ambiri a BP mankhwala amodzi sawakwanira, amafunika awiri pena atatu kuti BP ikhazikike. Thupi lili ndi njira zingapo zokwezera BP, mukatseka imodzi limatsegula ina, nde bola kutchingira mbali ziwiri nthawi imodzi. Amlodipine amamasula mitsempha kuti magazi aziyenda motakasuka. Telmisartan amatchinga homoni ina yotchedwa angiotensin II, yomwe ntchito yake ndi kufinya mitsempha komanso kupangitsa impso kusunga mchere ndi madzi. Pomwe hydrochlorothiazide, ambiri amangoti HCTZ kapena pilitsi lokodzetsa, amatulutsa mchere ndi madzi kudzera mu mkodzo. Mukaphatikiza awiri mwa amenewa pa mlingo wocheperako BP imatsika kuposa kungowirikiza mlingo wa amodzi, ndipo zovuta zake zimachepa. Kuonjezera apo, tisanamizane, munthu sakumva kupweteka kulikonse nde azimwa mapilitsi atatu anayi tsiku ndi tsiku kwa moyo wake wonse, amatopa, amayamba kudumphitsa. Limodzi ndi losavuta kukumbukira. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mapilitsi ophatikiza a BP pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira kwambiri, monga telmisartan ndi amlodipine, telmisartan ndi HCTZ, lisinopril ndi amlodipine, komanso lisinopril ndi HCTZ, kenako mu 2021 malangizo ake anati nkwabwino kuyamba ndi mankhwala awiri, makamaka akakhala mu pilitsi limodzi. Mu 2023 WHO inati anthu a BP padziko lonse analipo pafupifupi 1.3 biliyoni ndipo anayi mwa asanu aliwonse BP yawo sinakhazikike mmene imafunikira, nde muone kuti nkhaniyi si yaing'ono.

Tsono si pilitsi lililonse lophatikiza limene lili ndi magawo awiri. Ena anangosakaniza ufa wa mankhwala onse awiri nkuumba pilitsi wamba, la mtundu umodzi, basi. Amasanjikiza pokhapokha pali chifukwa, ndipo mukamvetsa chifukwacho malamulo onse omwe ndinene mmusimu simuvutika kuwaloweza, amangobwera okha.

Chifukwa chachikulu ndi chakuti mankhwala ena sagwirizana akakhala pamodzi nthawi yaitali. Tengani telmisartan. Payekha sasungunuka bwino mmadzi, nde kuti thupi lithe kumuyamwa opanga amamusakaniza ndi zinthu monga sodium hydroxide ndi meglumine, zomwe ndi zotsutsana ndi asidi, akatswiri amati alkaline. Vuto ndi lakuti zinthu zomwezo zothandiza telmisartan ndi zomwe zimaononga HCTZ, komanso amlodipine sakhalitsa mmalo otere. Mutawasakaniza mu ufa umodzi nkuwasiya pa shelefu chaka chimodzi ziwiri, mnzakeyo amayamba kuphwasuka pang'onopang'ono mphamvu nkuchepa. Nde anaganiza kuti aliyense akhale chipinda chake, wina pansi wina pamwamba ngati nyumba yosanja, azikhudzana pa kamzere kokha kaja, adzakumane mmimba mwa munthu. Micardis Plus, yomwe ndi telmisartan ndi HCTZ, komanso Twynsta, yomwe ndi telmisartan ndi amlodipine, onse a kampani ya Boehringer Ingelheim, anapangidwa motero, ndipo makampani ena ambiri opanga mankhwala omwewo ndi maina ena amasanjikizanso chimodzimodzi. Mitundu iwiri ija si yokongoletsa, imathandiza ku fakitale kuona ngati magawo akhala bwino.

Chifukwa china ndi liwiro. Pali mapilitsi ena omwe gawo limodzi limasungunuka msanga likangofika mmimba pomwe linalo analipanga kuti lizitulutsa mankhwala pang'onopang'ono tsiku lonse. Zimachitika ndi mankhwala omwe sakhalitsa mthupi ngati metoprolol, yemwe ndi wa BP ndi mtima, akawaphatikiza ndi ena okhalitsa ngati amlodipine. Gawo lochedwalo amaikamo zinthu zomwe zikanyowa zimafufuma nkukhala zonanda, nde mankhwala amadutsamo mwapang'onopang'ono. Pa bokosi mumaona zilembo ngati SR, ER, XL, MR kapena CR. Mukaona zilembo zimenezi dziwani kuti pilitsilo ndi loti lisatafunidwe olo zitavuta bwanji.

Kapangidwe kake nako nkosangalatsa kukadziwa. Makina ake amakhala ndi mosungira ufa muwiri. Ufa woyamba umagwera mu kachibowo kachitsulo, makina nkuutsindira pang'ono chabe, kenako ufa wachiwiri umagwera pamwamba pake nde apo makina amatsindira ndi mphamvu zonse kuti zigwirane, pilitsi nkutuluka. Luso lagona pa kutsindira koyambako. Akatsindira kwambiri, gawo loyamba limasalala ngati galasi ndipo lachiwiri limasowa pogwira, mapeto ake pilitsi limasiyana pakati. Akatsindira pang'ono kwambiri ufa umalowererana pa malire, zomwe amathawa zija nkuchitika. Ndiye malo ofooka pa pilitsi lonse ndi pa kamzere pomwepo, ndipo chinyezi chikalowa magawo awiriwa safufuma mofanana, lina limatupa kuposa linzake, mpaka kung'aluka. Sungani mfundo imeneyi tiibwereranso.

Mukangolandira, werengani bokosi

Musachoke pa windo la famasi musanadziwe maina awiri a mankhwala omwe ali mkatimo. Dzina lalikulu la pa bokosi ndi la malonda, limasinthasintha, mwezi uno ili mwezi wamawa lina, mtundu wa pilitsi nawo utha kusintha. Maina enieni amalemba ndi timalemba tating'ono mmusi mwake, ndipo pali manambala awiri, mwachitsanzo 40/5, 80/5, 80/10, kutanthauza telmisartan 40 kapena 80 mg ndi amlodipine 5 kapena 10 mg. Ya HCTZ mumaona 40/12.5, 80/12.5 kapena 80/25. Manambala onse awiri ndi ofunika, 80/5 si chimodzimodzi 80/10 olo bokosi lifanane. Ine ndinajambula bokosi la amayi pa foni mbali zonse, nde nthawi iliyonse tikakatenga ena ndimafananiza manambala ndisanachoke. Lembaninso pa kapepala muike mchikwama chawo, chifukwa tsiku lina adzapezeka kuchipatala inu kulibe, anamwino akafunsa amamwa chani iwo adzangoti loyera ndi lofiira.

Kenako mukafika kunyumba chitani chinthu ichi tsiku lomwelo, musati mawa. Tulutsani mankhwala onse akale a BP omwe anatsala mmadirowa, mmatumba, pansi pa pilo, muwerenge maina ake. Ngati pilitsi latsopanoli lili ndi amlodipine ndipo pali amlodipine wakale wotsala, wakaleyo achoke, apo bii munthu azimwa onse awiri poganiza kuti latsopanoli ndi longoonjezera, nde mlingo wawirikiza, BP kutsika mopyola, chizungulire, kugwa mbafa. Izi zimachitika kwambiri kwa achikulire omwe sakonda kutaya mankhwala. Chinanso, telmisartan ndi abale ake monga losartan ndi valsartan saphatikizidwa ndi gulu la enalapril, lisinopril ndi captopril, chifukwa onse amagunda njira imodzi ndipo pamodzi amalemetsa impso ndi kukweza mchere wotchedwa potaziyamu mmagazi. Ngati simukudziwa kuti asiye ati apitirize ati, nyamulani onse mu jumbo mukawaonetse adokotala kapena a ku famasi, akusankhireni pamaso panu.

Kamwedwe

Lonse lathunthu, ndi madzi okwanira, kamodzi pa tsiku kupatula ngati adokotala anena zina. Osathyola, osatafuna, osasinja, osasungunula mu kapu. Ndikudziwa kuti ena amathyola pofuna kuti mankhwala akhalitse mpaka mwezi uthe, ena amati BP yanga lero ili bwino nde theka likwana, ena pilitsi limangowakulira pakhosi. Koma taonani zomwe zimachitika. Mukalithyola motsatira kamzere kaja mwalekanitsa mankhwala awiri, lero mwamwa telmisartan yekha mawa amlodipine yekha, palibe tsiku lomwe mwamwa zomwe adokotala analemba. Mukalidula mopingasa kuti chidutswa chilichonse chikhale ndi mitundu yonse iwiri, nthawi zambiri limanyenyeka, gawo lina limagamphuka kupita mbali imodzi, nde simudziwa kuti mwamwa zochuluka bwanji, komanso theka lotsalalo lakhala pa mphepo likuyamwa chinyezi mpaka mawa. Nanga likakhala la SR lija nde zoopsa zenizeni, mankhwala omwe amayenera kutuluka tsiku lonse atuluka nthawi imodzi, mtima utha kuyenda pang'onopang'ono kwambiri BP nkugwa, kenako usiku mulibe chokutetezani.

Alipo mapilitsi ena ophatikiza omwe ali ndi mzere weniweni wodulira, wozokotedwa pamwamba, ndipo kapepala ka mkati kamanena poyera kuti mutha kugawa. Amenewo nkhani ina. Koma kamzere ka mmbali kolekanitsa mitundu si kameneko. Ngati munthu akulephereratu kumeza, mwina anadwalapo sitiroko kapena amadyera mu chubu, musalimbane nalo pilitsilo, kauzeni adokotala awalembere mankhwala omwewo padera padera, mu mtundu woti utha kusinjidwa.

Za nthawi, sankhani imodzi yoti simungaiwale nde muzikakamira yomweyo. Kunali mkangano woti bola mmawa kapena usiku, koma kafukufuku wamkulu wotchedwa TIME yemwe anachitika ku UK ndi anthu opitirira 21,000, zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti pa nkhani ya sitiroko ndi matenda a mtima palibe kusiyana. Kungoti ngati muli HCTZ mkati bola mmawa, kupanda kutero mugona mukudzuka kupita kukataya madzi. Mutha kumwa mutadya kapena musanadye. Mukaiwala nde mwakumbukira tsiku lomwelo, imwani. Mukakumbukira mawa lake, la dzulo lapita basi, imwani la lero lokha, osamwa awiri. Telmisartan amatenga pafupifupi maola 24 kuti achepe ndi theka mthupi, amlodipine maola 30 mpaka 50, nde kuiwala kamodzi sikuti BP iphulika pomwepo, chomwe chimaononga ndi chizolowezi chodumphitsa.

Kasungidwe, apa mpomwe tinalakwitsa ife

Ndinawagulira amayi kabokosi kapulasitiki ka zipinda seveni kaja, ka Lolemba mpaka Lamulungu, ndili ndi mtima wabwino ndithu kuti asamaiwale. Lamulungu madzulo ndinakhala pansi nkutulutsa mapilitsi seveni mu foyilo yake nkuwaika mmodzimmodzi. Inali nthawi ya mvula. Pofika chakumapeto kwa sabata amayi anandionetsa, akuti mwanawe taona izi. Gawo loyera lija linali litafewa, ukaligwira likumata ku chala, pamwamba pake patachita ngati thukuta, ndipo limodzi linali litasiyana pakati penipeni pa kamzere, magawo awiri ali gone payekha payekha mu kachipinda ka Loweruka. Mtima unandipweteka chifukwa ndinadziwa kuti masiku awiri atatu amenewo amamwa zinthu zoti sindingazitsimikize. Nditawerenga kapepala ka mkati ndinapeza analemba poyera kuti pilitsi lizitulutsidwa mu foyilo pa nthawi yokhayo yomwe mukufuna kumwa.

Telmisartan wa mmapilitsiwa amakoka chinyezi cha mumpweya, nchifukwa chake amabwera mu foyilo ya siliva mbali zonse, yoti simuona pilitsi mkati. Ndipo madzi akalowa sikungofewa kokha, zinthu za alkaline zija zimayamba kuyenda kuoloka malire kupita kwa mnzake uja anamuthawitsa. Ndiye lamulo ndi losavuta, pilitsi likhale mnyumba mwake mpaka mphindi yomwera. Ngati mukufunabe kabokosi ka masiku, tengani sizasi mudule foyilo mozungulira pilitsi lililonse osaboola kathumba kake, muike choncho ndi foyilo yomwe. Ife timatero pano, kungoti amayi ndimawakumbutsa kuti asende kaye, ndipo kwa munthu amene maso kapena mutu sukugwira bwino njira imeneyi si yabwino chifukwa atha kumeza ndi foyilo yomwe, bola wina aziwapatsa pamanja. Njira ina ndi kulemba masiku ndi peni pa foyilo penipenipo.

Osasunga ku bafa, osasunga pa windo pomwe pamaomba dzuwa, osasiya mgalimoto, ndipo mu fuliji si mofunika, mumakhala chinyezi. Manja akhale ouma potulutsa. Mukapeza pilitsi lafewa, lasintha mtundu, lang'aluka kapena magawo asiyana, musamwe, tengani lina ndipo loonongekalo mukalionetse komwe munatenga. Timadontho tochepa ta mtundu wa gawo linalo pa mbali yoyera nthawi zina ndi mmene anapangidwira, kapepala kamanena, zimenezo zisakuopseni.

Masabata oyamba

Musayembekeze kuti mwamwa lero mawa BP ili 120. Amlodipine amatenga pafupifupi sabata kuti akhazikike mmagazi, telmisartan mphamvu yake yonse imaoneka pakatha masabata 4 mpaka 8. Masiku oyambawa dzukani pang'onopang'ono, khalani kaye mmphepete mwa bedi miyendo ili pansi musanaimirire, makamaka achikulire. Ngati muli ndi makina oyezera kunyumba, yezani moyenera chifukwa kuyeza molakwika kumasokoneza adokotala. Khalani pa mpando wotsamira mphindi 5 osayankhula, mapazi pansi osapingasa miyendo, mkono utsamire pa tebulo molingana ndi mtima, mukhale mutataya madzi, ndipo mphindi 30 zapitazo musakhale mutasuta, kumwa khofi kapena kuthamanga. Yezani kawiri motalikitsa mphindi imodzi, mmawa musanamwe pilitsi ndi madzulo, kwa sabata imodzi musanapite kukaonana ndi adokotala, nde muzilemba zonse olo zomwe sizikukusangalatsani. Kwa anthu ambiri cholinga ndi kutsika pansi pa 140/90 poyezedwa kuchipatala, kunyumba pansi pa 135/85, koma amene ali ndi matenda a mtima, shuga kapena impso adokotala atha kufuna nambala yammwamba ifike pansi pa 130.

Pemphaninso kuyezedwa magazi, kuona impso ndi potaziyamu, musanayambe komanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ambiri timazidumpha izi koma ndi zofunika, telmisartan amakweza potaziyamu, HCTZ amatsitsa potaziyamu ndi sodiyamu, ndipo zonsezi munthu sazimva mpaka zitafika patali.

Kuipa kwa pilitsi lophatikiza, ndinene chilungamo, ndi kwakuti chikakuvutani simudziwa msanga kuti wolakwa ndi uti mwa awiriwa, nde nkwabwino kudziwa khalidwe la aliyense. Mapazi ndi akakolo akamatupa madzulo nsapato nkuthina, nkhope kumva kutentha, mutu kupweteka masiku oyamba, kawirikawiri ameneyo ndi amlodipine, makamaka wa 10 mg, ngakhale kuti akakhala ndi telmisartan kutupako kumachepa poyerekeza ndi ali yekha. Kukodza pafupipafupi, kukokana kwa minofu, kufooka, chala chachikulu cha kuphazi kutupa ndi kuwawa kwa gauti, khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ameneyo ndi HCTZ, ndipo wachikulire akayamba kusokonekera mutu kapena kugona kwambiri ali pa HCTZ thamangani naye, sodiyamu atha kukhala watsika. Telmisartan nthawi zambiri savuta, sakhosomoletsa ngati enalapril, koma mwa apo ndi apo atha kutupitsa milomo, lilime kapena kukhosi, zikatero musadikire kuche, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Pa zonsezi yankho si kusenda gawo lomwe mukuliganizira ndi mpeni nkumwa linalo, ndamvapo anthu akutero. Kauzeni adokotala, pali milingo ina, pali kuphatikiza kwina.

Zinthu zingapo zoti ndisazisiye

Amayi ndi atsikana, telmisartan ndi gulu lake lonse, komanso gulu la lisinopril ndi enalapril, saloledwa kwa woyembekezera, amaononga impso za mwana ali mmimba. Ngati mukufuna kutenga pakati nenani musanayambe, ngati mwazindikira kuti muli ndi pakati muli kale pa mankhwalawa musamwenso, kaonaneni ndi adokotala tsiku lomwelo akusinthireni, alipo mankhwala ena a BP oyenera nthawi imeneyi. Oyamwitsa nawonso afunse kaye.

Mukadwala kutsegula mmimba kapena kusanza kwambiri mpaka thupi kuuma, pilitsi la telmisartan, makamaka lokhala ndi HCTZ, litha kuvulaza impso chifukwa madzi achepa kale mthupi. Funsani achipatala msanga, nthawi zambiri amati mudikire kaye mpaka mutayambanso kudya ndi kumwa bwino nde muyambirenso. Bola mufunsiretu funso limeneli tsiku lolandira mankhwala kuti likadzafika tsikulo mukhale mukudziwa chochita.

Kenako mankhwala opha ululu. Ibuprofen, diclofenac, indomethacin ndi anzawo amakweza BP, amafooketsa mankhwala anu, ndipo akakumana ndi telmisartan ndi HCTZ nthawi imodzi impso zimapanikizika mbali zitatu. Achikulire ambiri a BP ndi omwewonso amadandaula mawondo ndi msana, nde amamwa amenewa tsiku ndi tsiku osauza munthu, funsani makolo anu bwinobwino. Panado ndi amene amagwirizana ndi anthu ambiri a BP. Mchere wina womwe amaugulitsa kuti ndi wa anthu a BP umakhala ndi potaziyamu mmalo mwa sodiyamu, ngati muli pa telmisartan musauyambe musanafunse, makamaka impso zikakhala zofooka. Amene amamwa simvastatin wa mafuta mmagazi, akakhala pa amlodipine mlingo wake usapitirire 20 mg pa tsiku. Amene ali pa lithium, mankhwala a matenda a maganizo, anene, chifukwa telmisartan ndi HCTZ onse amamuchulukitsa mmagazi. Ndipo pilitsi likakhala ndi metoprolol mkati, limenelo nde losasiya mwadzidzidzi, mtima umathamanga ndipo kwa odwala mtima zitha kubweretsa ngozi.

Makina akaonetsa 180/120 kapena kupyola, khalani pansi mupume mphindi zingapo muyezenso. Ikakhala pomwepo lankhulani ndi achipatala tsiku lomwelo. Koma ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kupotoka kamwa, dzanja kapena mwendo kufooka, kulephera kuyankhula, maso kuchita mdima, musayezenso kachiwiri ndipo musamwe pilitsi lina loonjezera kuti itsike, nyamukani.

Nanga likasowa? Zimachitika, mwapita kukatenga akuti la mitundu iwiri latha. Musabwerere chimanjamanja nkukhala mwezi osamwa, paja mwasunga maina awiri ndi manambala awiri aja, apa mpomwe amagwira ntchito. Telmisartan 40 ndi amlodipine 5 padera padera ndi mankhwala omwewo a 40/5, afunseni a ku famasi kapena adokotala akupatseni otero mpaka linalo litabwera, ndipo likabwera mukumbukire kuchotsa apaderawo mnyumba. Ife timapita kukatenga ena kukatsala mapilitsi seveni, mzere womaliza wa foyilo ndinaulemba ndi peni yofiira kuti amayi akangofika pamenepo andiimbire.

BP ikatsika bwino pakatha miyezi iwiri itatu mudzamva mawu aja akuti ndachira, ndisiye. Amayi anandiuzapo mmawa wina atayeza nkupeza 128/78, akumwetulira, akuti ndiye basitu mwanawe mankhwala agwira ntchito yake. Ndinawauza kuti nambala imeneyo ndi ya pilitsi lomwe anamwa dzulo ndi dzana, akasiya pakatha masabata ochepa ibwerera komwe inali ndipo sadzamva kalikonse pokwera. Anayang'ana makina aja kanthawi, kenako anatenga foyilo, nkusenda la Lachiwiri, nkupempha madzi.